Kagalasi Kobiriwira m'Diso la Citlali

Atlixco,
14 Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Fermín,

Ndikhulupirira muli bwino ku New York, iwe ndi mlamu wanga Rosaura. Kodi msana uja unasiya kukuvuta? Kuno tilipo. Shuga wa Amayi watsikako, mvula ikutha, ndipo maluwa achikasu a tsiku la akufa ayamba kuphuka m'minda.

Kalatayi ikupeza Lachisanu ndi Don Evaristo wonyamula katundu. Ndasankha pepala chifukwa pafoni umandidula pakamwa, ndipo nkhaniyi ndikufuna uimve yonse. Ndi ya diso la mwana wako Citlali.

Zithunzi za phwando lake la zaka khumi ndi zisanu unaziona. Maso obiriwira aja sanali matsenga a wojambula ayi. Anagula tigalasi tofewa toika m'maso kumsika, pa benchi ya mayi wina wogulitsa zodzoladzola. Ine ndinationa atativala kale, tili pakhomo la tchalitchi, ndipo ndinangoti tikambirana mawa.

Mawa lakelo anabwera kukhitchini diso lamanzere lili psuu. Anati anagona nato, kakumanja katuluka, koma kakumanzere sakukapeza. Amayi anasiya mbale zimene ankatsuka n'kunena kuti kalowa kuseri kwa diso, ndipo kakapanda kuchotsedwa kafika ku ubongo. Akuti zinachitikira mdzukulu wa mnzawo wa kukwaya ku Izúcar. Nditafunsa dzina la mdzukuluyo, sanalidziwe.

Umandidziwa. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikujambula diso pa bolodi pamaso pa ana a eni. Ndinatenga pepala lokulungira tortilla, timikate tathu ta chimanga tija, n'kuwajambulira. Ndinawaonetsa kuti kakhungu kopyapyala ka mkati mwa chikope kamapinda n'kubwerera kudzaphimba choyera cha diso, ngati thumba losokedwa pansi. Khomo lopita kuseri kulibe. Ngakhale nyerere singadutse. Zimenezi zinali zoona tsiku lija, Fermín, ndipo ndi zoona mpaka lero.

Ndinamukanula diso ndi zala, osaona kanthu, ndipo ndinagamula kuti kanagwera pabedi. Citlali anati akumva ngati muli mchenga chakumwamba. Ndinamuuza kuti diso likatikitidwa kwambiri limanamiza mwini wake. Lolemba ndinamutumiza kusukulu.

Amayi sanalimbane nane. Anangoti aphunzitsi alankhula, mbuli zitseke pakamwa. Koma ukukumbukira njere ya chía imene ankatiika m'diso tikagweredwa kachitsotso, ija imafufuma n'kutuluka ndi fumbi? Ine ndili kuntchito, anamuika imodzi Lolemba, ziwiri Lachiwiri, akuti zikalondole kagalasiko n'kubwera nako. Awiriwo anapangana zondibisa poopa kuti ndiwaseka. Ndikanawasekadi.

Pofika Lachinayi diso linkakana kutseguka, manthongo ali thoo, kuwala osakufuna. Tinakwera basi atatufe kupita kwa dokotala wa maso ku Puebla. Dokotalayo, mtsikana wa msinkhu wa ana amene ndinawaphunzitsa, anatembenuza chikope cha pamwamba ndi kamtengo ka thonje. Mphindi sinakwane. Kagalasi kanali momwemo, katapindika pawiri, katakanirira m'mwamba mwenimweni, njere imodzi yofufuma ili pambali pake.

Dokotalayo anavomereza kuti kuseri sikakanapita. Koma kwa masiku anayi kanali kakukhula diso, ndipo kutsogolo, poonera penipeni, pachita chilonda cholowa tizilombo. Anafunsa chimene tinachedwera. Amayi anayamba kufotokoza za njere, koma ndinawaletsa.

"Ndine ndinanena kuti mulibe kanthu," ndinatero.

Kutembenuza chikope ndimakudziwa. Zili m'buku lomwe ndimaphunzitsira, ndi chithunzi chomwe. Sindinachite chifukwa mkangano ndinali nditapambana kale, ndipo sindinaone chofufuziranso. Amayi anaphonya malo, koma mwana atati muli kanthu anamukhulupirira. Ine ndinamva mawu akuti kuseri okha, n'kuyankha amenewo.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi tikumudonthezera mankhwala. Poyamba linali ola lililonse, tsopano pakapita maola awiri. Ndinapempha tchuthi kusukulu. Tatopa tonse, m'nyumba muno makatani ndi otseka, ndipo Amayi amangokhala pakhonde ndi korona m'manja, osandinyoza ngakhale kamodzi. Kunyozako ndikanakukonda.

Sindikubisira kanthu. Chilonda chikuuma, koma chisiya chipsera, ndipo chili pafupi ndi pakati. Ndi diso limenelo amawerenga zala zanga, zilembo ayi. Dokotala akuti pakatha milungu itatu tidziwa. Chipsera chikaphimba pakati, padzafunika opaleshoni yomuika khungu loonera lochokera kwa munthu wina. Opaleshoni zotere zambiri zimayenda bwino. Ndawerenga, ngakhale kuti masiku ano kuwerenga kwanga sindikukunyadira.

Ndikupempha ziwiri. Choyamba, mupite ku ofesi ya kazembe ndi Rosaura mukalembetse kalata yondipatsa mphamvu yosayina zakuchipatala m'malo mwanu. Ndikudziwa kuti simungabwere, ndipo sindikukuitanani. Ngati simukundikhulupiriranso, lembani dzina la mchimwene wake wa Rosaura. Sindidandaula, bola kalatayo ifike mwezi uno usanathe.

Chachiwiri ndi foni ya Lamlungu. Pamene ndinakuuza kuti Citlali watanganidwa ndi mayeso, ndinanama. Anali pambali panga, akupukusa mutu. Dzulo ndikumupukuta diso anandifunsa motsitsa mawu:

"Azakhali, adadi akamva adzati ndinazifuna ndekha?"

Ndinamuyankha kuti sindikudziwa, chifukwa sindikudziwadi. Ndimadziwa mmene umakalipira ukachita mantha. Ngati uli ndi ukali, imba Loweruka, ndidzakhala ndekha ndipo ndidzamvetsera mpaka umalize. Lamlungu ndidzamupatsa iye foni. Funso lakelo ukaliyankhe wekha.

Undiperekere moni kwa Rosaura, ndipo umuwerengere kalatayi yonse, osadumpha mbali yanga. Moni kwa anzathu a Chucho ndi banja lawo. Amayi akuti Namwali Maria wa ku Guadalupe akusungeni, ndipo uvale zofunda poti kumeneko chisanu chayandikira.

Ndine mlongo wako,
Eulalia