Chigoba Chofiira Ndinapenta Ndine

Achimwene Shouren,

Pepani, zilembo zanga ndi zokhotakhota, mukudziwa sukulu ndinalekera panjira. Muli bwanji kufakitaleko? Chifuwa chija chinatha? Musamagone ndi njala. Kuno tili bwino, koma manja a bambo akunjenjemera kwambiri.

Gule wa chaka chatsopano anayenda bwino. A Zhan, mkulu wa gule, atatsegula bokosi la zigoba zovala kunkhope, anthu onse maso anali pa chatsopano, cha kazembe wa nkhondo. Nkhope yofiira ya munthu wosapereka mnzake, nsidze ngati malawi a moto, timagalasi pachisoti chopaka golide kuti ngwee! A Zhan anaseka bambo kuti mdala inu, kudya supu mumataya theka, nanga mzere wowongoka chonchi mwautenga kuti?

Achimwene, bambo anayankha kuti munapenta ndinu musanapite.

Chinapentedwa ndi ine. Bambo anasema okha, koma burashi inkawagwa. Masiku khumi ndi awiri ndinachifungatira pamiyendo, chitseko chotseka, iwo akundikalipira kuti iwe Fenglian, ameneyo ndi kazembe, osati mkwatibwi, mukwiyitse!

Atachipaka magazi a tambala m'maso, chinasanduka mulungu. Tsopano ine, poti ndine mkazi, sindiloledwa kuchikhudza. Chitafika pakhomo pathu kudzadalitsa nyumba ndinachigwadira monga aliyense. Ndinaona kuti nsidze yakumanzere ndinaikweza pang'ono. Palibe wina anaona. Misozi inatuluka, koma sinali ya manyazi ayi. M'midzi isanu yomwe inabwera, panalibe nkhope yoposa imeneyo.

Koma ndikuopa. Akazi a Zhan anandigwira dzanja pachitsime n'kufunsa kuti kodi masiku ano tsabola akumasiya golide m'zikhadabo? A Zhan akadziwa, mwina achichotsa m'bokosi, ndipo bambo sadzapatsidwanso ntchito. Mwana akadwala m'mudzi muno mtima umangoti phaa, kuti mwina ndalakwira mizimu.

Tsono a Zhan akufuna zigoba zina zinayi za gule wa mwezi wachisanu ndi chiwiri, mpunga ukamachita maluwa. Akuti akuimbirani foni. Chonde musawanamize kuti ndinu. Musanenenso kuti ndine. Sindidziwa kuti munena chiyani.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mizimu ya makolo ikuyang'anireni.

Bambo andigulira maburashi atsopano atatu. Zowauza a Zhan sitinagwirizanebe.

Ine mlongo wanu,
Fenglian