Maluwa Anu Anapita ku Ukwati

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ndine Mervis, mwana wanu wa ku Cape Town, uja munkati sakhazikika pamphasa. Ndakhala ndikufuna kukulemberani kuyambira mwezi watha, koma ndikangogwira cholembera ndinkachisiyanso. Lero ndi Lamulungu, kunja kuli mvula ya mphepo, kutchalitchi sindinapite. Ndati ndicheze nanu.

Ndiyambe ndi zabwino, paja inu munkati mlendo umayamba wamupatsa madzi, nkhani pambuyo. Mkazi wa Yohane, mwana wanu wotsiriza, anachira bwinobwino. Ndi mwana wamkazi, amupatsa dzina lanu, Agnes. Pachithunzi ndaona chipumi chanu chenicheni, ngakhale kakwinyidwe ka nkhope akamalira ndi inu ndithu. Munda wanu wa kudimba Yohane sanaugoneke. Mbatatesi yachita bwino, koma chimanga chinapsa ndi ng'amba chikungoyamba kumasula, moti nkhokwe sinafike n'pakati pomwe. Mtengo wa mapichesi wa kuseri kwa khitchini akuti unathyoka nthambi ndi zipatso, ana a m'mudzi adya mpaka kutsegula m'mimba.

Kuno ndikadali kunyumba ija ya ku Claremont, kuchapa, kusita ndi kusamala agogo aakazi a pakhomopo. Ndimagona ku Gugulethu, m'kanyumba ka malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikhosa. Dziko lino n'lodabwitsa, mvula imagwa nthawi yozizira, pamene kwathu ku Ntcheu fumbi lili koboo. Denga linkadontha pamwamba penipeni pa bedi, koma ndamata ndi phula, pano ndikugona pouma.

Tsopano ndifike pa chimene chandilemetsa.

Mukudziwa kuti pamaliro anu sindinabwere. Mapepala anga okhalira kuno anali atatha, atsopano asanatuluke, ndipo ndikanadutsa chipata sakanandilolanso kubwerera. Ndinakulirani m'chipinda chochapira, foni ili kukhutu, makina akuzungulira zovala za eni ake, ine ndikumva nyimbo za amayi a kutchalitchi akukuperekezani. Manyazi a tsiku limenelo sanandichoke. Ndiye abale atagwirizana zoti chaka chikatha amange chiliza, ine mapepala akadali osatuluka, ndinati thupi langa likalephera kufika, manja anga afike.

Mukukumbukira mmene munandiphunzitsira kuluka? Pakhonde, titamasula juzi yakale ya pakaunjika, ulusi wake uli wopotanapotana, inu mukuukulunga pa chitsononkho. Munandigwiritsa singano yanu ya kangowe, ija yachitsulo yopindika pang'ono kumchira, n'kundionetsa duwa lanu lija: timasamba tozungulira, pakati mfundo yobwezera kumbuyo imene munkaitcha mchombo. Ndikalumpha diso limodzi n'kufuna kupitirira, munkandimenya pachala n'kunena kuti, “Masula, ulusi sunama.” Tsiku lonyamuka kubwera kuno munandiikira singano imeneyo m'thumba la jekete osanena kanthu. Ndinaipeza basi itadutsa kale ku Mwanza.

Ndi singano yomweyo imene ndinalukira maluwa a pachiliza chanu. Ndinagula ulusi wachikasu ngati chiluwe cha maungu, woyera, ndi wofiirira ngati duku lanu la pa Pasaka. Ndinkaluka m'takisi popita ndi pobwera, ndinkaluka agogo aja akagona masana, ndinkaluka Lamulungu ndikaweruka kutchalitchi. Chala ichi chinachita chikanga. Azimayi m'takisi ankasuzumira, ena n'kupempha kuti ndiwagulitse, ngakhale madamu a kuntchito kwanga anafuna oti asokerere pa mapilo. Onse ndinkawayankha chimodzimodzi, kuti awa ali ndi mwini wake. Duwa lililonse ndinkaliluka ndikulankhula nanu chamumtima, kukuuzani zimene ndinalephera kukuuzani muli m'chipatala. Maluwa ena ndinawamangirira pa waya kukhala nkhata yaikulu, ena ndinawalumikiza kukhala chingwe chachitali choti chizungulire chiliza chonse. Anadzadza chikwama chachikulu cha mizeremizere chija. Ndinachipereka kwa abambo ena onyamula katundu pa basi kuti akachisiye m'manja mwa achemwali a Felesiya, mwana wanu woyamba. Ndinati wamkulu ndi wamkulu.

Atalandira anandiimbira okha. Anati, “Afika, Mervis, ndi okongola zedi. Amayi akondwa.” Mawu amenewo ndinagona nawo, ndinadzuka nawo. Mwambo wa chiliza utatha ndinapempha zithunzi, iwo anati foni inathera moto tsiku limenelo. Ndinakhulupirira. Kwathu magetsi ndi ovuta, ndikanakayikira chiyani?

Patapita masabata angapo Tadala, mwana wa achemwali, anakwatiwa. Ukwatiwo ndinkaudziwa, ndinamuimbira kumufunira mafuno abwino, koma zithunzi zake sizinandifikenso. Loweruka lina ndinapita kukalukitsa tsitsi kwa mnzanga Mariamu, wa ku Mangochi, amene ali ndi saluni pafupi ndi pokwerera matakisi ku Claremont. Ali mkati mondiluka anaima n'kundiikira foni yake kumaso. Anati, “Uyu si mwana wa achemwali ako? Wina wa kwanu waika vidiyo. Taona maluwa ake, ngati ako aja.”

Amayi, sanali ngati anga. Anali anga. Anali anu.

Nkhata ija achemwali anaimasula. Maluwa achikasu anawasokerera pa madiresi a operekeza mkwatibwi, oyera anali m'tsitsi la Tadala, ofiirira anawamwaza pa matebulo. Chingwe chija ndinkayesa chidzazungulira pamene mwagona chinali pa boneti ya galimoto ya akwati. Duwa lililonse ndi mchombo wake pakati. Kenako woyendetsa mwambo anakuwa kuti, “Tiwaombere m'manja mayi a mkwatibwi! Maluwa onsewa aluka okha, luso lowasiyira malemu mayi awo!” Achemwali anaimirira, nthungululu zili wee, iwo akugwedeza dzanja uku akumwetulira. A Felesiya, Amayi! Aja ankati kuluka ndi ntchito ya anthu osowa chochita, aja ankathawa pakhonde mukangotulutsa ulusi.

Ndinadzuka pampando mutu wolukidwa mbali imodzi, ndinangofunda duku n'kutuluka. Panja ndinayamba ndaimbira Yohane. Ndinamufunsa kuti pachiliza panali maluwa otani. Iye anati panali nkhata imodzi ya pulasitiki yogula kuboma. Za chikwama changa sankadziwa n'komwe. Kenako anandiuza chimene ankandibisira poopa kundipweteka: kuti atsibweni atafunsa pagulu ngati wa ku Joni watumiza mawu alionse, achemwali anayankha kuti ndatanganidwa, sindinatumize kanthu. Abale onse anabalalika akudziwa kuti Mervis anaiwala mayi ake.

Ndinawaimbira achemwali nthawi yomweyo. Sanakane, sanachitenso manyazi. Anati, “Akufa saona, Mervis. Ulusi pamanda ukanangodyedwa ndi chiswe. Ine ndaugwiritsa ntchito pa amoyo.” Nditati bwanji osandipempha, bwanji kunama pamaso pa abale, anayankha kuti, “Iwe maliro sunabwere. Amayi ndinawasambitsa ndine. Lero ufune kundiphunzitsa kulira?” Atatero anadula foni.

Zoti anakusambitsani ndi zoona, ndipo sindidzawalanda ulemu umenewo. Anakudwazikani, anagona pansi m'chipatala, ine ndili kuno. Koma Amayi, akanangonena kuti mng'ono wanga, Tadala akukwatiwa, tilukire maluwa, ine ndikanaluka ena mokondwa, ochuluka kuposa amenewo. Tadala ndinamubereka kumsana ali khanda. Chimene chikundiwawa si ulusi ayi. Ndinali ndi kanjira kamodzi kokha kofikira pamanda anu, ndipo amene anakatseka ndi munthu amene tinayamwa bere limodzi. Anatseka, n'kuimirira pagulu kulandira m'manja ndi dzina lanu.

Tikakangana tili ana munkatikhazika pansi n'kunena kuti chibale ndi fupa, sichiola. Sindikutsutsa. Fupalo silinaole, koma landiima pakhosi, silikutsika, silikutuluka.

Tadala sindinamuuze, ndipo Yohane ndamuletsa kumuuza. Mwanayo anavina tsiku lake akuyesa wavala manja a mayi ake, ndisamuipitsire. Koma Yohane anapita yekha kwa atsibweni kukanena zoona zake, ndipo atsibweni anandiimbira, mawu awo ali onyowa, kupepesa kuti anandiganizira zoipa. Akuti akufuna atikhazike pansi ine ndi achemwali pa foni. Ndawauza kuti adikire. Achemwali mpaka lero sanaimbe, inenso sindinaimbe.

Singano ija ndinaitsekera m'chitini kwa nthawi ndithu. Ndikaona ulusi m'sitolo ndinkayang'ana kumbali. M'takisi manja ankangokhala pamiyendo, mpaka mayi wina amene timakwera limodzi anandifunsa ngati ndikudwala. Dzulo ndi pamene ndaitulutsa. Duwa loyamba linatuluka lokhota chifukwa ndinkakoka ulusi mwaukali, ndinamasula. Lachiwiri lakhala bwino. Lili pano patebulo pamene ndikulemberapa, lachikasu.

Amayi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Ndikukudziwani, simunkagona ana anu atakwiyirana. Koma pa nkhani iyi musandifulumize. Musabwere kumaloto kudzandiuza kuti wamkulu salakwa. Mwina tsiku lidzafika loti ndidzawapatse moni achemwali mtima uli pansi, koma silinafike, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti lafika.

Chimene ndikulonjeza ndi ichi. Mapepala akangotuluka ndikukwera basi. Maluwa anu sindidzapatsiranso munthu, ngakhale akhale ndani. Ndidzawanyamula pamiyendo panga ulendo wonse, ndidzatsika pamsewu n'kulunjika kumanda ndisanalowe m'nyumba ya aliyense. Ndidzasesa, ndidzagwada, ndidzawaika ndekha limodzilimodzi. Chiswe chikafuna chidzadye, koma chidzadye inu mutawalandira.

Ndimakukondani, Amayi, lero ngati kale.

Ndine mwana wanu,
Mervis