Chigubu Chimene Sichinatsekulidwe

Thiès,
11 Malichi 2018.

Okondedwa achimwene Birame,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Bergamo kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Nsapato munatumizira Ababa zija zinafika, ndipo amazivala Lachisanu lokha popita ku mzikiti. Ndasankha kalata chifukwa mukaimba foni Ababa amakhala pambali panga, ndipo izi sindingazinene iwo akumva.

Mwina mwamva kale kuti mlongo wanu Yacine anapha injini ya a Souleye Ndour pa mpikisano wa galimoto wa ku Sindia. Ndi zimene tauni yonse ikudziwa. Inu nokha ndikuuzani mmene zinayendera.

Malamulo a Ababa pa galimoto za mpikisano mukuwakumbukira. Oyilo achotsedwe injini ikadali yotentha, fyuluta isabwerezedwe, ndipo athiridwe wolemera uja wa 10W-60, chifukwa wopepuka wa matakisi akakumana ndi dzuwa la ku Sindia amasanduka madzi. Zaka khumi ndi ziwiri ndagwira nawo ntchito, sindinawaonepo akulakwitsa. Amangotikita oyilo wakale pakati pa zala, kumununkhiza, n'kumuuza mwini galimoto kuti injini yake yatsala ndi mipikisano ingati.

Loweruka lija m'mawa, a Souleye atamaliza kuyeserera, tinakweza galimoto. Injini yawo imamwa malita asanu ndi awiri, ndiye ndinaika pa tebulo mabotolo atatu a lita imodziimodzi ndi chigubu cha malita anayi. Ababa anandituma kukapopetsa matayala. Pobwera ndinapeza atatsitsa galimoto, akumwa tiyi wawo pamthunzi.

"Mwathira, Ababa?"

"Ndathira."

Dzanja langa linali litafika kale pa kachitsulo koyezera oyilo.

"Iwe Yacine, wayamba liti kuyeza ntchito yanga? Bwera umwe tiyi."

A Souleye anaseka. "Usiye, mwanawe. Madalawa anayamba kuthira oyilo iwe usanamere mano."

Ndinabweza dzanja, achimwene. Ndinachita manyazi pamaso pa anthu.

A Souleye anazungulira bwalo katatu bwinobwino. Ulendo wachinayi, pa khona lalitali lija, tinamva kugogoda, kenako utsi. Galimoto inatsetsereka n'kukagunda mpanda wa matayala. Anthu onse anathamangira komweko. Ine ndinawerama kuti nditenge chozimira moto pansi pa tebulo, ndipo ndinachiona chigubu chija, chivindikiro chake chisanadulidwe n'komwe. Ababa anathira mabotolo atatu okha. Ndinachifunditsa ovolosi yanga, ndipo madzulo ndinakachibisa kuchipinda kwanga.

A Souleye anatuluka amoyo, koma mkono unathyoka pawiri. Patapita masiku asanu anafika ku galaja ali ndi chikhakha. Injini anali atakatsekulitsa kwina. Analunjika kwa Ababa.

"A Thiam, ndimakupatsani ulemu ngati bambo anga. Munalibe oyilo mmuja. Ndikanafa ine. Anathira ndani?"

Ababa anayang'ana a Souleye, anayang'ana manja awo, ndipo ndinaona kuti za Loweruka lija sakukumbukira chilichonse. Nkhope yawo inali ya munthu amene watsika basi pamalo posawadziwa.

"Ndinathira ndine," ndinatero. "Ndinasokoneza powerenga."

Ababa anatembenuka pang'onopang'ono. "Iwe? Ndinakuphunzitsa choncho ine? Kuthira oyilo osayeza?" Anagwira dzanja labwino la a Souleye n'kupepesa m'malo mwanga, misozi ili m'maso. Sanandiyankhule masiku atatu.

Tsopano ndiulule zanga. Zizindikiro ndinayamba kuziona chaka chatha. Ndinapezapo sipanala mu fuliji. Tsiku lina anaswali swala ya masana kawiri. Tsiku lina anafunsa ngati Amayi abwerako kumsika, chonsecho tinawaika m'manda zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ndinkadziuza kuti n'kutopa, ndipo mukaimba ndinkati zonse zili bwino. Mkono wa a Souleye ndauthyola ndine ndithu, ngakhale kuti chigubu sindinachiiwale ine.

Ndinapita nawo kwa dokotala ku Dakar, nditawanamiza kuti tikayezetse kuthamanga kwa magazi. Dokotalayo anawapatsa mawu atatu oti awasunge m'mutu, ndipo patangopita kanthawi sanatchule ngakhale limodzi. Ananditengera pambali n'kundiuza kuti matenda oiwalawa sabwerera m'mbuyo. Mankhwala angochedwetsa pang'ono basi.

Chimene chandithetsa nzeru ndi ichi. Pa galimoto zisanu ndi imodzi za mpikisano zimene tinkasamala, zinayi zinachoka. Eni ake a ziwiri zotsalazo akunena poyera kuti, "Agwire a Thiam okha, mwana wawo asayandikire." Ndiye amene angathe ntchito akukanidwa, amene akufunidwa ndi amene angaphe munthu. Ndakhala ndikuwabweza powanamiza kuti oyilo wawo sanafike kuchokera ku doko. Bodza limeneli silifika mwezi wamawa. Ndikanena zoona, dzina la Ababa lathera pomwepo, ndipo iwo adzamva kuchokera kwa anthu a mumsewu kuti mutu wawo ukutha. Ndikapanda kunena, tsiku lina wina adzabweretsa galimoto ine nditachokapo.

Ababa m'mawa uliwonse amatsekula galaja, kupukuta masipanala awo n'kuwandandalika monga mwa kukula kwake. Dzana anandiitana n'kunena kuti andikhululukira, ndipo ayambiranso kundiphunzitsa kuyambira pachiyambi. Anandionetsa mmene amapakira oyilo pa kalabala ka fyuluta ndi chala asanaimange. Ndinangoti, "Zikomo, Ababa."

Sindikupempha kuti mutumize kanthu, poti palibe chogula chimene chingakonze izi. Ndikupempha kuti mubwere. Musadikire chikondwerero cha Tabaski, ndi patali kwambiri. Pemphani tchuthi kwa abwana anu ngakhale cha sabata imodzi, mudzakhale nawo pa benchi ya pagalaja, mudzandithandize kuwauza kuti zitseko za galaja titseke. Ndekha ndayesa kawiri, koma ndalephera.

Mundiperekere moni kwa alamu anga Oulimata, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga. Azakhali a ku Mbour akuti musawaiwale m'mapemphero, miyendo ikuwavutabe. Ababa nawonso akupereka moni. Andipeza ndikulemba n'kufunsa kuti kalatayi ndi ya ndani. Nditati ndi ya Birame, anafunsa kuti, "Birame wa kwa ndani?" Ataona nkhope yanga anaseka n'kunena kuti amangocheza. Mwina amachezadi, achimwene. Sindinalimbe mtima kuwafunsanso.

Ndine mlongo wanu,
Yacine.