Bokosi la chambo landilanda malo

Lachinayi. Kwatentha, ndipo ine ndapsa mtima.

Mwana wanga Yusufu wagula bokosi lalikulu lonyamulira chambo ku Makokola, koma limagwedera pa kaliyala wa njinga yake yamoto. Tinapita kwa Amidu wowotcherera. Anadula zitsulo zogwira kaliyala, kuzipinda, kuboola mabowo ena, n'kusendeza zonse kutsogolo. Womugwirira chitsulo ndinali ine, uku ndikumuseka kuti amawotcherera ngati akumata ndi phala. Anthu anafa nacho chiseko.

Bokosi linakhala gwa! Ndiye ndimati ndikwere tizipita. Pokhala panalibe. Mpando wakumbuyo wonse unali utalowa pansi pa bokosi.

"Nanga ine?" ndinafunsa.

Yusufu anangoyang'ana tayala. Anayankha ndi Amidu: "Lowani m'bokosimo, madala, simuwola msanga."

Anasekanso onse. Ine wa pakamwa posatha mawu, ndinangotembenuka n'kuchokapo. Ndabwerako wapansi.

Mawa Lachisanu, tsiku la Juma. Mzikiti uli kutali, bondo latupa. Yusufu akuti andipezera wakabaza. Mwana wobala ndekha alipo, ine ndikagwire m'chiuno mwa mwana wa eni ake, pamene nsomba zakufa...