Dzira Lililonse Ligulidwe

Lolemba, 4 Ogasiti

Ndabwerako ku maphunziro a alimi a nkhuku. Mutu wadzaza. Mlangizi wake wa taye, nsapato zosadziwa zitosi, koma kulankhula ndiye amatha. Mfundo yaikulu: famu ikhale ndi thumba lake, nyumba thumba lake. Akuti ambirife timadya famu tokha osazindikira, kenako n'kumati nkhuku zalodzedwa. Tonse tinaseka, aliyense akuyang'ana mnzake.

Ine zandilowa. Zaka zonsezi nkhuku zikuikira, mazira akupita kumsika, koma khola lachiwiri likadali m'mutu momwemu. Chaka chino limangidwa basi.

Ndatsuka zitini ziwiri za penti. China ndalemba FAMU, china NYUMBA. Mayi akunyumba anangoti, "Ulendo wonsewu munapita kukaphunzira kutsuka zitini?" Aziseka choncho. Adzaona okha.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Lamulo layamba kugwira ntchito. Dzira lililonse lotuluka m'khola ligulidwe, ngakhale lodya ife eni. M'mawa ndadya awiri okazinga, ndatapa mu NYUMBA n'kuponya mu FAMU. Kulira kwa ndalama m'chitini, kukoma kwake!

Masana mlamu wanga watulukira ndi jumbo yake ya masiku onse. "Alamu, ka ana." Ndamuuza mtengo wa thireyi. Anaseka mpaka anaona kuti akuseka yekha. Wapita ndi osweka, pa theka la mtengo, ndipo sanatsanzike.

Kenako apongozi atumiza uthenga, akufuna mazira. Mayi akunyumba adzaza thireyi bwinobwino, osankha akuluakulu. Ndinangokhosomola n'kuloza chitini. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutsegula kachikwama kawo, n'kulipira. Kayang'anidwe kameneko sindinakakonde kwenikweni, koma bizinesi ilibe apongozi.

Lachisanu, 8 Ogasiti

FAMU yayamba kulemera. Ndimainyamula m'mawa ndi madzulo, kungomva.

Chakudya cha nkhuku chakweranso mtengo. Utuchi watsala pang'ono. Chomwera chimodzi chikudontha.

Zosangalatsa: Mayi apempha okha kuti ndiwafotokozere za maphunziro aja. Ndinakhala bwino pampando, n'kuyamba kuchokera pachiyambi. Anamvetsera ngati mwana wa sukulu. Pomaliza anafunsa, "Ndiye kuti famuyi ndi munthu payekha? Si m'bale wathu?" Ndinati eya, mwamvetsa msanga kuposa anzanga ambiri. Anati chabwino. Mkazi wanzeru ndinakwatira ine.

Loweruka, 9 Ogasiti

Ndadzutsidwa ndi phokoso la nkhuku, dzuwa litakwera kale. Kukhola madzi mulibe, chakudya mulibe, mazira ali mbwee pansi. Mayi ali pakhonde, miyendo atatambasula, tiyi m'manja.

"Munthu wosakhala m'bale wanga sindimugwirira ntchito yaulere."

Ndinaseka. Iwo ayi. Ndanyamula ndowa ndekha. Kodi chitsime chija chinasunthira kutali liti? Msana ukuwotcha mpaka pano.

Masana tinakhala pansi ngati anthu akuluakulu. Chilichonse achiikira mtengo: kutunga madzi, kuthira chakudya, kutola mazira, kuwapukuta, kuchotsa utuchi wakale, kupita kumsika, kukangana ndi ogula. Ati za kulera anapiye tidzakambirana nyengo yake ikafika, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya unamwino. Ndalipira ya mawa kuti pakhomo pakhale mtendere. FAMU yapepuka.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Kulipira tsiku lililonse. Mayi amalandira ndi manja awiri, n'kugwada pang'ono, "Zikomo bwana." Akundiseka, ndikudziwa.

Ndawerengera kuseri kwa thumba la chakudya. Ndikachotsa chakudya, katemera, utuchi, ulendo wa kumsika, phindu limaoneka ndithu. Ndikachotsanso malipiro a Mayi, limatsala loti khola lachiwiri lingakhale la nkhunda. Ndawerengera kawiri, mwina cholembera chinalakwitsa. Ayi.

Ndamuimbira mlangizi uja kuti andiuze ngati mkazi wa munthu amalowa m'gulu la antchito. Akuti, "Akuluakulu, ntchito ya m'banja nayonso ndi ndalama. Si tinanena titangochoka ku nkhomaliro?" Nthawi imeneyo ine ndinali nditatsamira khoma. Anatidyetsa bwino kumaphunziro kuja, mlandu ndi wawo.

Komabe nkhuku zikuikira bwino. Tizipita choncho.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Nkhani ina. Mwini shopu yomwe timagulako chakudya ndi mankhwala a nkhuku akufuna Mayi akagwire ntchito pa kauntala. Akuti wakhala akuwapempha kuyambira chaka chatha, iwo n'kumakana chifukwa cha khola lathuli. Ine osadziwa chilichonse! Malipiro a pamwezi, Lamulungu kupuma. Yankho akulifuna Loweruka, ntchito kuyamba Lolemba.

Ndinafunsa kuti nanga nkhuku. "Famu ilembe munthu. Si ili ndi thumba lake?"

Mawu anga omwe, kundibwezera ali otentha.

Ndikuganiza kuti n'kukweza mtengo chabe. Ogula mazira nawonso amatero, amayamba kuchoka kuti uwaitane. Mayi sangasiye nkhuku zimenezi, amazidziwa ndi nkhope zomwe. Ina amaitcha Apongozi chifukwa imajompha aliyense. Sindinafunse kuti apongozi ake a ndani.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Lamulo la mazira ndaliimitsa kaye. Thireyi yathunthu yapita kwa apongozi, yaulere, ndapereka ndekha pa njinga. Anandilandira bwino, koma anafunsa ngati mpando ndilipira kapena ndikhala wangongole. Nkhani inafika kale. Mlamu ali pambali, mano onse panja.

Pobwerera ndagula kansalu ka maluwa, ndapereka. Kenako ndaika mfundo yanga patebulo: malipiro a pamwezi, ofanana ndi a kushopu. Khola lachiwiri lidikire chaka china, kapena china chake.

Ndimayembekezera kuti adumpha. Anaseka pang'ono, kuseka kwabwino, kopanda mkwiyo. Anati, "Bambo, nkhani si ndalama yokha. Zaka zonsezi ndimadzuka ndi nkhuku, kugona ndi nkhuku, koma alendo akabwera mumati taonani famu yanga. Ndikufuna ndikaoneko kumene ntchito imatha, munthu n'kuweruka."

Ndinapita kukhola kukakonza chomwera chodontha chija. Chikudonthabe.

Loweruka, 16 Ogasiti

Avomera ntchito.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Ndapeza munthu, bambo wina wachikulire amene ankagwira ntchito pa khola la nkhumba. Wofatsa, koma nkhuku amaziyang'ana ngati ndiwo. Malipiro ake ndi ochepa kuposa amene ndinalonjeza Mayi, ndiye powerengera FAMU yapindula. Mlangizi akanandiombera m'manja.

Masana onse Mayi akutionetsa ntchito, bamboyo ndi ine tonse ngati ophunzira. Mankhwala a m'madzi amakhala m'kabati ya kukhitchini, osati m'khola, chifukwa cha kutentha. Mayi wa malo odyera amalipira pakutha pa mwezi, tisamuvutitse. Wa golosale amasankha mazira ang'onoang'ono n'kumati onse ndi otero, tisamumvere. Chomwera chodontha chimangofuna kamwala pansi, mbali ya kumanzere. Anaikapo kamwala, chinasiya.

Madzulo Mayi akusita bulauzi, kwinaku akuimba. Sindikukumbuka kuti ndinawamva liti komaliza akuimba. Ndinakwiya pang'ono, kenako ndinasangalala, kenako sindikudziwa.

Lolemba, 18 Ogasiti

Ndawaperekeza pa njinga mpaka pokwerera basi. Bulauzi yoyera, nsapato za ku ukwati wa mwana wathu, kachikwama pamkono. Anthu kuwayang'ana. Inenso kuwayang'ana, ngati kuti si amene ndimakhala nawo nyumba imodzi. Pokwera anati ndisaiwale kuphimba chakudya, makoswe achuluka. Basi inanyamuka ndisananene zimene ndinakonza m'njira.

Kukhola zonse zayenda. Bambo uja wafika pa nthawi yake, madzi wathira, sanaswe dzira ngakhale limodzi. Palibe chodandaula.

Potola mazira ndapeza lina lalikulu modabwitsa, loti chala ndi chala sizikumana, la zachikasu ziwiri m'kati ndithu. Ndinatembenuka n'kukuwa, "Mayi, taonani ili!"

Bambo uja anatukula mutu. "Bwana?"

Ndinati palibe, pitirizani.

Ndinaima pamenepo ndi dzira m'manja, likadali lofunda, nkhuku zikundizungulira miyendo. Kumeneku ndiye kusowa munthu. Ndinkaganiza kuti ndisowa manja ogwira ntchito, koma manja alipo.

Ndaliika m'mbale pawindo kuti adzalione akabwera. Shopu amatseka dzuwa likamalowa. Ndatuluka kale kangapo kukayang'ana dzuwalo, likadali pamutu.