Ndinatseka kudontha ndi msomali, koma mkazi wanga sakubwerera

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 34, kwathu ndi ku Domwe ku Angónia. Ndinatsikira kuno ku Tete mu 2009, nthawi imene aliyense ankathamangira ntchito za malasha. Ya mumgodi sindinaipeze, koma ndinagula mota, njinga yamoto yakale, kwa mkulu wina amene ankabwerera kwawo ku Beira, ndipo ndi imeneyi ikutidyetsa. M'mawa uliwonse ndimanyamula makasha, mabokosi aja, a matimati ndi kabichi pamsika, n'kuwoloka mlatho kukasiya m'malo odyera ku Moatize.

Timakhala ku Canongola m'chipinda chimodzi, ine, mkazi wanga Ofélia ndi mwana wathu Jéssica amene wangoyamba kukwawa. Mukudziwa mmene nyumba zakwerera mtengo kuno, zipinda ziwiri sitingathe. Mota imagona momwemo, chifukwa akuba anaba ya mnansi wanga pakhomo ili yomanga ndi tcheni. Kukachita mphepo yafumbi, mbaula nayo imalowa.

Vuto linayamba mwezi wathawu. M'mawa tinkapeza gazolina, petulo uja, itadonthera pansi kuchokera m'kapaipi kakang'ono kolendewera kunsi kwa karburadori. Poyamba anali madontho chabe, kenaka kachithaphwi. Ofélia anayamba kudandaula mutu, n'kumati ngakhale ufa ukununkha. Ine sindinachedwe. Ndinatenga msomali n'kuulowetsa m'kapaipiko, n'kumanga ndi waya. Kudontha kunatheratu, Aphungu, pansi pouma gwa.

Ndinamuitana kuti adzaone ntchito yanga. Iye anangoti, "Bambo a Jéssica, pansi pauma, koma mphuno yanga ikuti gazolina ikadali muno. Nanga yapita kuti?" Ndinamuyankha kuti za mota azisiyira amuna. Ndikuvomera, ndinakweza mawu. Mawa lake pochokera ku Moatize ndinapeza watenga mwana, wapita kwa mkulu wake Balbina ku Matema. Uthenga umene anasiya kwa mnansi ndi wakuti, "Tsiku limene mota ituluke, ine ndilowa."

Papita masabata awiri. Mkazi wanga ndimamukonda, mwana ndamusowa kwambiri, m'nyumba muli zii. Koma mota ikagona panja n'kubedwa, tidzadya chiyani? Ndikuganiza kuti mlamu wangayo ndiye akumupotoza mutu, chifukwa chinthucho ndinakonza. N'zoona kuti masiku ano mota imavuta kulira m'mawa, imatulutsa utsi wakuda, komanso oliyo mu injini akuoneka ngati akuchuluka yekha, koma umenewo ndi ukalamba wake basi. Kodi ndiitane ankhoswe kuchokera ku Domwe adzamulankhule, kapena ndingodikira mtima wake ukhale pansi?

C. D. M., Canongola, Tete

Bambo C.,

Ankhoswe asiyeni alime ku Domwe, ndipo mlamu wanu mumuchotsemo m'nkhaniyi. Chakuthawitsirani banja ndi msomali, ndipo anaulowetsa ndinu. Mayi a Jéssica anakufunsani funso labwino: gazolina yapita kuti? Poti inu munawakalipira m'malo moyankha, ndiyankha ndine.

Kunsi kwa karburadori kuli kambale kosunga gazolina. M'kambalemo muli boya, kanthu koyandama kamene gazolina ikadzaza kamakankha kasingano kuti katseke njira. Kasinganoko kakadyeka, kapena kachitsotso kakakhala pakamwa pake, sikatseka bwino ndipo gazolina imangolowabe. Kapaipi mwatsekako ntchito yake ndi kutayira panja yosefukirayo. Tsopano yasowa kotulukira, ndiye ikulowa mu injini n'kusakanikirana ndi oliyo, ina ikunyowetsa sefa ya mpweya, n'chifukwa chake fungo silinathe. Oliyo sabereka, bambo. Mukuona akuchulukayo ndi gazolina yanu yomwe, ndipo mukapitiriza, injini idzakuferani pakati pa mlatho malole ali pambuyo panu.

Ntchitoyi muigwire masana, panja pamthunzi, injini itazizira, wosuta fodya ali kutali. Tsekani kampopi ka pansi pa thanki, muzule msomali. Pukutani paliponse ndi nsanza, mutsegulenso kampopi, muone pamene payambe kunyowa. Ngati paipi yochokera ku thanki yang'aluka ndi dzuwa lathuli, gulani ina. Ngati pakunyowa m'mphepete mwa kambale, mphira wotsekera pamenepo watha. Mugule wake weniweni, osati kudula chubu cha tayala kapena kumata sopo monga ndimaonera anzanu a pamsika, gazolina imadya zonsezo. Koma malinga ndi zimene mwalemba, ndikukhulupirira kuti gazolina itulukira m'kapaipi komweko.

Zikatero, tsekaninso kampopi mumasule kambale. Mupezamo dzimbiri ndi fumbi lakuda, chifukwa ndikukayika ngati mumamwetsa pamalo omwetsera mafuta. Ambiri a inu mumagula ya m'mabotolo m'mbali mwa msewu wa ku Moatize, pamene fumbi silitha. Tsukani bwino. Boya muigwedeze pafupi ndi khutu, mukamva kukhuchuka m'kati ndiye kuti yabooka. Yang'ananinso nsonga ya kasingano. Ikakhala ndi mzere wodyeka kuzungulira, katha ntchito. Ziwirizi zimagulidwa pazokha, wina asakugulitseni karburadori yonse. Musanabwezeretse kambale, ikani chitini pansi, mukweze boya pang'ono ndi chala, mutsegule kampopi. Pasadonthe kanthu. Mukatsitsa chala, gazolina ituluke. Zikakukanikani pitani nayo kwa mekaniko, palibe chamanyazi pamenepo.

Oliyo ameneyo mumukhuthule, muthire watsopano mota isanayendenso. Thanki muitsuke, muike kasefa pa paipi, ndipo gazolina ya m'botolo muziisefa ndi kansalu koyera. Mukaimika mota muzitseka kampopi. M'kalata yanu yonse simunakatchule n'kamodzi komwe, ndiye ndadziwa kuti kamagona kotsegula.

Tsopano za kunyumba. Mantha anu a akuba ndikuwamvetsa, motayo ndi munda wanu. Komabe ngakhale itakonzeka bwanji, siyenera kukhala chipinda chimodzi ndi mbaula. Funsani pamalo pamene pali mlonda, pagaraja kapena pabwalo la tchalitchi, ena amalola kugoneka mota. Apo ayi, pemphani eni nyumba mumange kakhumbi ka malata kokhoma pafupi ndi zenera lanu.

Mukatha zimenezi mupite nokha ku Matema, mutasamba m'manja. Mutenge msomali uja, mukauike m'manja mwa mayi a Jéssica pamaso pa mlamu wanu amene mwamunamizirayo, mukanene kuti iwo ndi amene ankanena zoona. Sizipweteka monga mukuganizira.

Chomaliza mumvetsetse. Mpweya wa gazolina sukwera kudenga ngati utsi, umatsika n'kuyala pansi. Inu mukaimirira mumangoumva pang'ono. Pansi pamenepo ndi pamene pamakhala mbaula, ndi pomwenso Jéssica amakwawa. Mota isanatuluke m'chipindamo, musayerekeze kuwaitana kuti abwerere.

Aphungu anu