Buledi Wowawasa ndi Alendo

Lachinayi, madzulo.

Mtima suli m'malo. Buledi wowawasa uja, wofufumitsa ndi ufa wosasa, wapsa bwino lero, makala pansi ndi pamwamba pa poto. Adokotala anati chifukwa cha shuga, kachidutswa kamodzi patsiku basi. Kanga ndadya m'mawa.

Masana afika alamu a ku Kasakula. Anunkhiza, n'kundiyang'ana. "Mlamu, wasasatu uyu. Mwathiramo chiyani?" Chakudya chachilendo sumupatsa mlendo usanalawe mwiniwake, ndiye ndalawa. Atabwera amayi a kutchalitchi, ndalawanso. Apongozi akana kukhudza mpaka nditatafuna iwo akuona.

Mawa ndikukayezetsa ku Mponela. Ndikawauza chiyani adokotala, kuti wandikwezera shuga ndi ulemu?

Katsala kakumapeto, kopserera kamene ndimakakonda kaja. Ndakavindikira ndi mbale, koma fungo lake likundiitanabe.